Kachipewa ka pa Mfuti ya Don Atanasio

Don Atanasio Cuautle analowa m'shopu mwanga Lachisanu m'mawa osagogoda, ndipo ndinadziwiratu kuti kwagwa zazikulu. Bambo amenewa anali asanapondepo pakhomo panga kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Inde, ndimawerenga. Akamadutsa mumsewu ankangokweza dzanja n'kupitirira, ngati akupereka moni kwa nyumba osati kwa mwini wake.

"Frosina, La Ronca yasowa."

Ndinaimitsa makina. Ine ndine Eufrosina Tepox, telala, ndipo theka la zovala zimene anthu amavinira pa chikondwerero cha Carnaval kuno ku Huejotzingo zimadutsa m'manja mwanga. Za mfuti ndimazidziwa ngati mmene aliyense wakuno amazidziwira. Mfuti za chikondwerero ndi zagogodela zatsopano, zazitali, zosemedwa ziwombankhanga ndi zigaza, ndipo amazithira wonga wodzaza dzanja kuti zigwedeze mawindo. La Ronca yokha ndiyo inaonapo nkhondo yeniyeni. Inachokera kwa makolo a Don Atanasio, ndipo dzinalo anaipatsa chifukwa imalira ndi mawu osasa. Imalira kamodzi pachaka, Loweruka masana pabwalo, Don Atanasio akamatsegulira gulu lawo lovina nkhondo yamasewera, la a Zacapoaxtla. Wonga wake ndi wochepa: muyeso ndi kachipewa kamodzi kachitsulo, kaja timavala kuchala posoka.

Kachipewako kanali kanga. Ndinawabwereka ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, muyeso wakale utatayika, ndipo anati adzandibwezera tsiku la ukwati wathu. Chaka chomwecho anakwatira Perpetua Xochipa, mwana wa mwini munda wa maapozi. Kachipewa sikanabwere. Kanatsala pa lamba wa mfuti, komangidwa ndi ulusi wofiira, ndipo chaka chilichonse asanaombe ankakapsompsona pamaso pa tauni yonse.

"Mwapita kupolisi?" ndinafunsa.

"Kupolisi lero? Onse ali kalikiliki ndi kutseka misewu. Adzalemba m'buku n'kundiuza kuti ndibwere Lachitatu la Phulusa likadutsa. Iwe windo lako limaona zonse."

"Munaiona liti komaliza?"

"Dzulo m'mawa, pakhoma, pamwamba pa zithunzi za oyera. Kenaka ndinapita ku Puebla kukatenga wonga wa gulu. Lero ndikudzuka, misomali yokhayokha."

"Chitseko?"

"Chilibe chilema. Galu naye sanauwe."

"Ndiye kuti mbala imadya m'mbale zanu, Don Atanasio."

"Mawa isanakwane thwelofu, Frosina. Ndikaima pabwalo ndi mfuti yobwereka, bola ndife."

Ndisaname, sindinaganize za mfuti ayi. Ndinaganiza za nkhope ya Perpetua pamene ine, osati iye, ndidzaike La Ronca m'manja mwa mwamuna wake. Ndinatenga mpango wanga n'kutseka shopu.

*

Perpetua ndinamupeza kukhitchini akukazinga tsabola wa msuzi wa mole, utsi uli tolo. Mkazi ameneyu wakalamba bwino, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa nyamakazi.

"Ee, Doña Eufrosina! Lero mwasanduka wapolisi? Khalani pansi, miyendo ingakupwetekeni. Paja kwanu kulibe wokusisitani."

"Zikomo, Doña Perpetua, ndiima. Dzulo munali kuti?"

"Pano, tsiku lonse, kuphikira amuna anga. Ndi ntchito yotopetsa, mwina munamvapo kwa ena." Anatembenuza tsabola. "Ndinangotuluka kamodzi, belu la fili koloko litalira, pamene ndinabwera kwa inu. Veleveti wanga uja simunamuyambe, eti?"

"Munati ndisamukhudze mpaka phulusa litadutsa."

"Eya. Musamukhudze. Muli ndi ntchito zambiri."

Zinalidi choncho. Dzulo lake anali atabwera kushopu kwanga, koyamba chibadwire, atakumbatira mpukutu wa veleveti wakuda, ati ndidzamusokere nsalu ya paguwa la oyera ya nyengo ya Lenti. Mpukutuwo unali wokulungidwa ubweya uli kunja. Mwana aliyense wophunzira kusoka amadziwa kuti veleveti amakulungidwa ubweya uli mkati kuti usade. Ndinaseka chamumtima, ndinati taonani mkazi amene anasankhidwa m'malo mwanga, sadziwa ndi kupinda nsalu komwe. Anauika yekha pansi pa tebulo, ine osaukhudza n'komwe, ndipo kunyoza kumeneko kunandisangalatsa mpaka madzulo.

"Kunabwera mlendo aliyense?" ndinafunsa.

"Palibe. Gaudencio yekha anabwera kudzadya, koma mwana wanga musamuike m'kamwa."

"Simukuoneka kuti mwakhumudwa."

"Ndilire chitsulo? Chidzapezeka. Mlandu suola, Doña Eufrosina. Mbala idzachita manyazi pa nthawi yake."

Anandimwetulira, ndipo ndinatuluka maso akuyabwa ndi tsabola.

*

Gaudencio, mwana wawo wamwamuna, ali ndi zaka makumi anayi koma amakwiya ngati wa zaka khumi. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake akupukuta chimfuti chake chosemedwa mutu wa nyalugwe, chigoba cha ndevu chili pambali. Chaka chatha anachoka m'gulu la bambo ake n'kulowa la ovina atavala ngati Aturuki, ndipo chifukwa chake tauni yonse imachidziwa.

"Akutumani mdala, eti? Kawauzeni akafunse mkamwini wawo wokondedwayo. Si ndi amene adzalandire La Ronca? Ine mwana wobala ndekha ndine wopanda nzeru, koma munthu wongokwatira mlongo wanga ndiye wolowa nyumba!"

"Mkamwiniyo ali ku Tlaxcala kuyambira Lolemba. Iwe unali kuti?"

"Kokonzekera ndi oimba malipenga, anthu makumi atatu akhoza kulumbira. Ndinangopita kwa amayi kukadya masana."

"Mfuti inalipo?"

"Inalipo. Ndinaitukwana ngati masiku onse." Analavula pansi. "Folo koloko ndinabwereranso kukatenga chipewa changa chimene ndinaiwala, n'kupeza misomali yokha. Ndinkayesa mdala waitenga yekha."

"Pakati pa nkhomaliro ndi folo koloko. Unasiya amayi ako akutani?"

"Akulimbana ndi chinsalu chawo chakuda m'chipinda. Ndinati ndiwathandize, anandikalipira ngati ndaba nyama mumphika. Amayi aja akakwiya, ngakhale galu amabisala."

Ndinakondwa kumva mwana akudandaula za mayi ake, ndipo chifukwa cha kukondwako mawu enawo anangondidutsa m'khutu. Ndikuvomera, nsanje imagonthetsa.

"Doña Frosi, tamverani," anatero Gaudencio akusisita mpope wa mfuti yake. "Ine ndikanaiba, bwenzi nditaithira wonga wachimuna n'kuiomba pomwepo, tauni yonse imve. Za kachipewa n'zamasewera a nkhalamba. Mukafuna wakuba, pitani kwa Maestro Melquíades. Akhala akuimezera malovu zaka zonsezi, ndipo mu Januwale anakangana ndi mdala mpaka anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera."

*

Maestro Melquíades Tlapa ndi mmisiri wa mfuti, ndipo dzanja lake lamanzere lili ndi zala zitatu. Amalankhula pang'onopang'ono ngati mawu amagula. Ndi iye muyenera kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Ndinkaifuna, inde," anatero akupala thabwa. "Zaka makumi asanu ndikusema mfuti. Palibe amene anavulapo chipewa poona yanga. Koma chitsulo chadzimbiri chija chikangotuluka, amuna amalira. Zimawawa, mlongo wanga. Koma sindinabe."

"Nanga munakanganirana chiyani?"

Anaika chopalira pansi. "Mfuti ija inabadwa ya mwala. Ukakoka, mwala umamenya chitsulo, moto n'kugwera pa wonga. Kenaka asilikali anaona kuti mvula ikagwa siyaka, ndiye amisiri awo anaisintha. Anadula kambale ka wonga, anaboola mpope m'mbali, n'kulowetsapo kabawuti kobooka pakati, kopitira moto. Ntchito ya changu, ya nthawi ya nkhondo. Sankaganiza kuti idzakhala ikulirabe mpaka lero."

"Ndiye?"

"Mu Januwale anandiitana kuti ndikaione. Kabawuti kaja katha mazinga. Ndinakapotoza ndi zala izi, kanazungulira kokha. Ikalira kamodzi kokha, ngakhale ndi wonga wa kachipewa, kadzafwamphuka. Pamenepo m'pamene pamakhala dzanja lamanja, ndipo diso lili chapafupi." Anakweza dzanja lake lopunduka lija. "Izi ndimazidziwa."

"Simungakonze?"

"Chitsulo chadyeka, palibe pogwira. Mankhwala ake ndi amodzi: kuthira mtovu mumpope, isadzalirenso. Ndinawauza choncho. Anati ndine wansanje, ndikufuna kupha mfuti ya makolo awo kuti zanga zioneke. Anandikankhira kunja."

Tsiku lonse ndinali ndikuthamangira kukapereka m'manja mwa Atanasio chinthu choti chiwadule dzanja.

"Anamva mawu amenewa ndani winanso?"

"Doña Perpetua. Ankabweretsa khofi."

"Koma Maestro, mfuti si singano. Munthu angaitulutse bwanji masanasana, mumsewu wodzaza anthu, osaoneka?"

Anaseka pang'ono. "Mukuganiza za zathu zazitalizi. Inu mumaiona patali, ili m'mwamba. Ija asilikali apakavalo anaidula mpope kuti isamakole m'miyendo ya hatchi. Ndi yofanana ndi ndodo yanu yoyezera nsalu, kuonjezapo zala zinayi."

Ndodo yanga ndi mita imodzi. Veleveti amabwera wa mita ndi theka m'lifupi. Sindinatsanzike n'komwe.

*

Mpukutu uja unali pomwe Perpetua anausiya. Nditaukoka, kulemera kwake kunandiuza zonse ndisanautambasule. Ndinaugubuduza patebulo, ndipo pakati pake, m'malo mwa chikatoni, panatuluka La Ronca, ikununkha mafuta. Kachipewa kanga kanali lende pa ulusi wofiira, katasalala ndi milomo ya mwamuna wa mwini.

Kusitolo sakulunga veleveti ubweya uli kunja. Telala aliyense akanadziwa kuti mpukutuwo wamasulidwa n'kukulungidwanso kunyumba. Ine ndinaona, koma ndinasankha kuseka.

"Ndinati musamukhudze."

Perpetua anali pakhomo, epuloni idakali m'chiuno. Analowa n'kutseka chitseko.

"Wandiikira m'nyumba mwanga," ndinatero. Ulemu unali utatha. "Iwe Perpetua, unafuna kuti ine ndikhale mbala?"

"Lachitatu, inde. Ndikanati ndakumbukira kuti unkaisuzumira, amuna akanabwera kudzafufuza, ndipo akanaipeza. Carnaval ikanakhala itatha, dzanja lake lili lonse."

"Malo obisa anatha m'tauni muno?"

"Sanathe. Ndinasankha pano." Anandiyang'ana osaphethira. "Ukuyesa sindidziwa mwini wa kachipewako? Ndinadziwa chaka choyamba. Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndimaima pabwalo, nditachapa malaya ake, nditamuphikira, nditamuberekera ana, n'kumaona akupsompsona kachitsulo ka mkazi wina anthu akuomba m'manja. Iwe umaima pafupi ndi wogulitsa chimanga, n'kumamwetulira. Ndimakuona."

Sindinkadziwa kuti kumwetulira kwanga kumaoneka. Ndipo ndinene zoona: kumva kuti nayenso wakhala akupsa mtima zaka zonsezi kunandikomera ngati madzi ozizira.

"Ndikhoza kuitenga pompano," ndinatero, "n'kukawauza amene anaba."

"Pita. Adzakuthokoza, mwina adzakukumbatira. Ine adzandithamangitsa. Kenaka mawa masana adzaomba. Iwe ukufuna akuthokoze. Ine ndikufuna azidya ndi dzanja lake. Ndinamupempha nditagwada, Frosina. Anandiseka."

"Nanga chaka chamawa? Ikapezeka Lachitatu, ibwerera pakhoma. Chaka chamawa udzaibisa kwa yani?"

Anayang'ana mfuti, kenaka pansi.

"Maestro anati mtovu," ndinatero.

"Sindingathe. Akadzadziwa kuti ndine, sadzandiyang'ananso mpaka kumanda. Ine ndimagona naye nyumba imodzi."

Apo m'pamene nsanje yeniyeni inandigwira, yoposa ya tsiku la ukwati wawo. Mkazi ameneyu anatenga dzina la Atanasio, ana ake, mbale yake ndi ukalamba wake. Tsopano ankafuna kutenganso ichi, kuti akhale iye amene anamupulumutsa, ine n'kungokhala chiguduli chopukutira manja. Ndinati ayi. Chimodzi chokha chikhale changa.

"Tenga nsalu yako uzipita," ndinatero. "Mfuti isiye."

"Uchita nayo chiyani?"

"Zimene iwe walephera."

*

Loweruka m'mawa Don Atanasio anabwera atavala kale za nkhondo, chisoti chachikulu kumutu, chigoba m'manja. La Ronca inali pansi pa tebulo, pafupi ndi mapazi awo.

"Waipeza?"

"Sindinaipeze."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndinkayesa uli ndi maso. Perpetua ananena kuti ndikungotaya nthawi."

Masana anaima pabwalo ndi mfuti ya mkamwini wawo. Inalira bwino ndithu, nkhunda zinabalalika, malipenga anayamba, koma iwo anatsitsa mfutiyo mofulumira ngati yotentha. Panalibe chopsompsona. Ine ndinaima pafupi ndi wogulitsa chimanga, ndipo sindinamwetulire.

Lolemba, tauni yonse ili mu utsi ndi phokoso, ndinakulunga La Ronca m'bulangete n'kupita nayo kwa Maestro Melquíades. Sanandifunse kumene ndinaipeza. Anasungunula mtovu, koma atanyamula chikombe dzanja lake linaima m'malere.

"Adzati ndine," anatero.

"Sadzatero. Bweretsani kuno."

Ndinathira ndekha. Mtovu unatsika mumpope mwakachetechete, kautsi kanatuluka pa kabawuti kaja, basi. Maestro anavula chipewa.

Lachitatu la Phulusa sindinadikire kuti abwere kudzafufuza. Nditachoka kutchalitchi, mtanda wa phulusa uli pachipumi, ndinanyamula La Ronca poyera n'kuyenda nayo msewu wonse. Amayi osesa mapepala a chikondwerero anaimitsa matsache. Pofika pakhomo pa a Cuautle, anthu anali atanditsatira ngati ndikupita kukakwatiwa.

Anatsegula ndi Don Atanasio. Perpetua anaima kumbuyo kwawo.

"Inali kwa ine," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Ndinaitenga ndine. Ndaithira mtovu, sidzaliranso."

Anailandira, anasuzumira mumpope, analowetsamo ndodo yake. Ndodoyo inagunda pa mtovu n'kuima. Nkhope yawo inagwa ngati ya munthu amene wauzidwa za maliro.

"Chifukwa chiyani, Frosina?"

"Maestro anakuuzani mu Januwale."

"Maestro ndi wansanje. Ndipo iwe ndiwe woposa iye." Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. "Zaka zonsezi unkangodikira poti undibayire. Ndinabwera kwa iwe ngati kwa mnzanga."

Ndinayang'ana Perpetua. Mawu amodzi okha a iye akanandiyeretsa. Anatsegula pakamwa, ine n'kupukusa mutu pang'ono, ndipo anatsekanso. Sanaoneke ngati wopambana. Anadziwa chimene ndamulanda, ndipo adzachidziwa tsiku lililonse akamaona mwamuna wake akunyema buledi.

Don Atanasio anatsamiritsa mfuti pakhoma n'kuyamba kumasula ulusi wofiira uja. Mfundo yake inali ya zaka makumi anayi ndi chimodzi, yolimba, ndipo inafuna manja onse awiri. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana zala zikugwira ntchito, ndipo ndinaziwerenga. Zinali khumi.

"Tenga kanthu kako," anatero.

Anandiika kachipewa m'dzanja n'kutseka chitseko. Anthu anapatuka kuti ndidutse, osandipatsa moni. Nditafika kushopu ndinakhala pamakina n'kukayesa kuchala chapakati, koma nyamakazi inatupitsa mfundo zanga kalekale. Sikanalowe.